Nkhokwe za magetsi: zomwe kafukufuku wa mabatire akutanthauza kwa anthu a ku Malindi

Madzi amene amawomba pagombe la Malindi ndi omwewo amene amayatsa mababu mu Blantyre, mu Lilongwe ndi mu Mzuzu. Akachoka panyanja amalowa mumtsinje wa Shire kufupi ndi tawuni ya Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe, n'kukafika pa Liwonde. Kumunsi kwake amakagwera m'makina opukusira magetsi a ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Magetsiwo amabwereranso m'mawaya mpaka kudzafika ku Malindi konkuja, kumene kuli chipatala cha St Martin's, sukulu ya atsikana ya St Michael's, zigayo, maokala ogulitsa zozizira ndi malo owotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu wopita ku Makanjira.

Ulendo wonsewu uli ndi chilema chimodzi. Magetsi akapukusidwa ayenera kugwiritsidwa ntchito nthawi yomweyo. Chimanga tikakolola mu Meyi timachiika m'nkhokwe n'kumadya mpaka Febuluwale. Usipa ukaphedwa wambiri timauyanika pathandala. Koma magetsi a m'mawaya a ESCOM kwa zaka zambiri analibe nkhokwe. Opukusidwa masana sakanatha kudikira madzulo.

N'chifukwa chake maboma ambiri padziko lapansi akuthira ndalama pa kafukufuku wa mabatire akuluakulu otha kusunga magetsi a dziko. Ena mwa mabatirewa afika kale kuno kwathu. Nkhani ino ikufotokoza mmene amagwirira ntchito, amene analipirira nzeru zake, ndi mafunso amene sanayankhidwe kumadera otentha a m'mphepete mwa nyanja ngati Malindi.

Magetsi sadikira munthu

Mawaya onse a ESCOM, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ali ngati thupi limodzi lokhala ndi mtima umodzi. Kugunda kwa mtimawo ndi maulendo 50 pa sekondi iliyonse, ndipo akatswiri amati mahezi 50. Makina onse opukusa magetsi amazungulira mogwirizana ndi kugunda kumeneku.

Anthu akayatsa zinthu zambiri kuposa magetsi amene akupukusidwa, makina amalemedwa ndipo kugunda kuja kumatsika. Akazimitsa zambiri mwadzidzidzi, kumakwera. Kukapatuka kwambiri pa 50, makina amadziteteza okha podzichotsa pamawaya, ndipo amodzi akachoka otsalawo amalemedwa koposa, nawonso n'kuchoka. Umu ndi mmene dziko lonse limazimira pakamphindi kochepa. Pofuna kupewa zimenezi, oyang'anira magetsi amayamba okha kudula madera ena. Kuzimazima kwa magetsi kotsata ndandanda kumene tinakuzolowera ndi njira yochepetsera katundu kuti ngolo yonse isagubuduke.

Nthawi yovuta kwambiri ndi yamadzulo, dzuwa likangolowa mpaka cha m'ma 9 koloko. Apa m'pamene mababu amayaka, mbaula zamagetsi zimapsa, ma TV amatsegulidwa ndipo ophunzira amakhala pamabuku. M'mawa anthu akamakonzekera kupita kuntchito kumakhalanso kulimbirana kotere, koma kocheperapo. Pakati pausiku magetsi ofunika amachepa. Vuto la dziko lathu lili pawiri: magetsi ndi ochepa, komanso nthawi imene amapezeka ambiri siigwirizana ndi nthawi imene anthu amawafuna kwambiri.

Nyanja ndiyo inali nkhokwe yathu yoyamba

Mu 1965 anamanga chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage pa Liwonde, ndipo mu 1966 makina a Nkula A anayamba kupukusa magetsi. Kuyambira pamenepo Nyanja ya Malawi yakhala ikugwira ntchito ya nkhokwe. Zitseko za pa Liwonde zikatsekedwa pang'ono, madzi a m'dzinja amasungika panyanja kuti adzagwire ntchito m'chilimwe. Lero kampani ya EGENCO, imene inapatukana ndi ESCOM mu 2017, ili ndi makina a madzi okwana mamegawati pafupifupi 390, ndipo pafupifupi onse ali pamtsinje umodzi womwewu, kupatula aang'ono a ku Wovwe m'boma la Karonga.

Kudalira mtsinje umodzi kwatipweteka kangapo. M'zaka za 2016 ndi 2017 mvula itavuta, madzi a panyanja anatsika, Shire anachepa mphamvu ndipo magetsi ankazima maola ambirimbiri pa tsiku. Dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, amene magetsi ake anali odula kwambiri. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula mbali ina ya damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anachoka pamawaya tsiku limodzi. Makinawo anadzayambiranso mu 2023. Mbiri yakale ndi yoopsa kuposa apa: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1930, madzi a panyanja anatsika kwambiri moti analeka kusefukira mu Shire.

Madzi akachulukanso, amene amalira ndi a m'mphepete mwa nyanja. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri ndipo inalowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo m'boma la Mangochi. Oyang'anira zitseko za pa Liwonde amakhala pampanipani: akatsegula kwambiri, madzi amakasefukira ku Chikwawa ndi ku Nsanje, akatseka, amasefukira ku Mangochi, ndipo makina a ku Nkula nawo amafuna mlingo wawo. Choncho munthu wa ku Malindi nkhani yosunga mphamvu imamukhudza pawiri, kumawaya ndi kugombe.

Dzuwa labwera ndi matope ake

Akulu anati walira mvula walira matope. Pofuna kuleka kudalira Shire yekha, dziko linatembenukira kudzuwa. Mu 2021 kampani ya JCM Power inatsegula munda wa masola wa mamegawati 60 m'boma la Salima. Mu 2022 inatsegulanso wina wa mamegawati 20 ku Golomoti m'boma la Dedza, dera limene amadutsa anthu ochokera ku Mangochi ndi ku Monkey Bay popita ku Lilongwe. Ku Nkhotakota nako kuli munda wina wa mamegawati 21.

Magetsi a dzuwa safuna dizilo, safuna madzi, ndipo munda wake umamangika msanga kusiyana ndi damu. Koma ali ndi zovuta ziwiri. Choyamba, amachuluka masana ndipo amatheratu madzulo, nthawi yeniyeni imene dziko likuwafuna. Chachiwiri, mtambo ukadutsa pamwamba pa munda wa masola, magetsi amatsika kwambiri m'mphindi zochepa, n'kukweranso mtambowo ukapita. M'dziko la magetsi ochuluka, kutsika kotere sikumveka. Kuno kumene magetsi onse ndi mamegawati mazana owerengeka, kusowa kwa mamegawati 30 kapena 40 mwadzidzidzi kumagwedeza kugunda kwa mtima kuja. Makina a madzi amatha kuonjezera mphamvu, koma amafuna kanthawi kuti zitseko zake zitseguke. Jenereta ya dizilo imafuna mphindi zingapo kuti ilire ndi kukhazikika. Batire limayankha sekondi isanathe.

Apa m'pamene pali ntchito zitatu za batire lalikulu. Limatseka mpata mtambo ukadutsa. Limasunga magetsi a masana kuti agwire ntchito madzulo. Limathandizanso kuti kugunda kwa mahezi 50 kukhale kokhazikika, polandira kapena kupereka magetsi pang'onopang'ono tsiku lonse.

Zomwe zili m'kati mwa batire

Batire la foni yanu ndi batire la ku Golomoti ndi a banja limodzi, lotchedwa lithium-ion. M'kati mwake muli mbali ziwiri zolekanitsidwa ndi kansalu kopyapyala konyowa ndi mankhwala. Mbali imodzi nthawi zambiri imapangidwa ndi graphite, mwala wakuda wofewa umene uli m'kati mwa pensulo. Mbali inayo imapangidwa ndi lithium wosakaniza ndi zitsulo zina. Potchaja, tizidutswa ta lithium timakankhidwa kupita kumbali ya graphite n'kukhala kumeneko. Batire likayamba kugwira ntchito timabwerera kwawo, ndipo kubwererako kumayendetsa magetsi m'mawaya akunja. Batire lalikulu ndi timabatire tating'ono masauzande ambiri tolumikizidwa pamodzi m'makontena achitsulo, tokhala ndi makompyuta oyang'anira kutentha kwake, makina oziziritsa, ndi mainveta osintha magetsi a m'batire kuti afanane ndi a m'mawaya.

Pali miyeso iwiri imene anthu amaisokoneza. Megawati ndi kukula kwa khomo la nkhokwe, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene angatuluke nthawi imodzi. Kukula kwa nkhokwe yeniyeniyo amakuyeza ndi mayunitsi, omwe aja timagula pa mita ya ESCOM. Batire la ku Golomoti limatha kutulutsa mamegawati 5 ndipo limasunga mayunitsi 10,000. Likatsegulidwa khomo lonse, limatha m'maola awiri. Titayerekeza kuti nyumba imodzi imadya mayunitsi awiri madzulo amodzi, batireli lingasamale nyumba pafupifupi 5,000 madzulo amenewo. Kwa tawuni yaing'ono ndi zambiri. Kwa dziko lonse ndi kambale kamodzi paphwando.

Nkhokwe iliyonse ili ndi anankafumbwe ake. Pa mayunitsi 100 olowa m'batire la lithium-ion, amene amabwerera ndi pakati pa 85 ndi 90. Otsalawo amatayika ngati kutentha. Batire limakalambanso. Kutchaja ndi kutsitsa kulikonse kumalidya pang'ono, ndipo pakatha zaka khumi kapena khumi ndi zisanu limafuna kuonjezeredwa kapena kusinthidwa.

Analipira nzeru zimenezi ndani?

Batire la mtovu ndi asidi, longa la galimoto, analitulukira ndi Gaston Planté wa ku France mu 1859. La lithium-ion ndi laposachedwa. Stanley Whittingham anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1970 ali ku kampani ya Exxon, nthawi imene mafuta anakwera mtengo kwambiri padziko lonse. Mu 1980 John Goodenough, ali pa yunivesite ya Oxford, anapeza msanganizo wa lithium ndi cobalt wopereka mphamvu zochuluka. Mu 1985 Akira Yoshino wa ku Japan anapanga mtundu wosaopsa wotha kugulitsidwa, ndipo kampani ya Sony inauika pamsika mu 1991. Anthu atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2019. M'zaka za m'ma 1990 gulu la Goodenough, ali ku yunivesite ya Texas, linapezanso msanganizo wa lithium, chitsulo wamba ndi fosifeti. Mtundu umenewu, umene amaufupikitsa kuti LFP, sufuna cobalt, sugwira moto msanga, ndipo ndi umene uli m'mabatire ambiri akuluakulu amene akumangidwa masiku ano.

Taonani kutalika kwa njirayi. Kuchokera pa kuyesa koyamba mpaka kufika m'sitolo panadutsa zaka pafupifupi 20, ndipo kuti batirelo lifike posunga magetsi a dziko panadutsanso zaka zoposa 20. Wamalonda safuna kudikira chotero, makamaka pamene sakudziwa ngati zimene akuyesazo zidzatheka. Komanso nzeru ikapezeka imathandiza aliyense, ngakhale amene sanasonkheko. Pa zifukwa ziwirizi, gawo lalikulu la kafukufuku woyambirira limachitikira m'mayunivesite ndi m'malabotale a boma, ndi ndalama za misonkho.

Zitsanzo zilipo zambiri. Boma la Britain linakhazikitsa bungwe la Faraday Institution mu 2017 kuti litsogolere kafukufuku wa mabatire. Mu 2021 unduna wa zamphamvu wa ku United States unalengeza cholinga chotsitsa ndi 90 peresenti, m'zaka khumi, mtengo wa njira zosungira magetsi kwa maola khumi kapena kuposerapo. Ku Australia, Maria Skyllas-Kazacos wa pa yunivesite ya New South Wales anapanga m'zaka za m'ma 1980 batire losunga mphamvu m'mathanki a madzi osungunuliramo chitsulo cha vanadium, limene limakula mukangokulitsa thanki. Mu 2017 boma la chigawo cha South Australia linachititsa kuti kampani ya Tesla imange batire la mamegawati 100 ku Hornsdale, ndipo batirelo linaonetsa dziko lonse kuti makina oterewa angakhazikitse magetsi a chigawo chonse. China nayo inathira ndalama zambiri za boma m'mafakitale a mabatire ndi m'galimoto zamagetsi, ndipo lero ndiyo imapanga mabatire ambiri padziko lapansi. Zonsezi pamodzi zinagwetsa mtengo wa mabatire a lithium-ion ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020. Popanda kugwa kwa mtengoku, dziko ngati Malawi silikanalota n'komwe zogula batire la ku Golomoti.

Akatswiri sanaleke kufufuza. Ena akuyesa mabatire a sodium, chinthu chimene chili mumchere wathu wa patebulo, chifukwa ndi chosasowa kusiyana ndi lithium. Ena akuyesa a chitsulo wamba chochita dzimbiri ndi kuchotsedwanso dzimbirilo, ndi cholinga chosunga magetsi kwa masiku angapo. Palinso njira yakale yosafuna mankhwala: kupopera madzi kuphiri magetsi akachuluka, n'kuwatsitsa kudzera m'makina akachepa. South Africa imachita zimenezi ku Drakensberg ndi ku Ingula.

Zomwe zachitika kale kuno kwathu

Batire la ku Golomoti linali loyamba la mtundu wake kulumikizidwa kumawaya a dziko lino. Eni ake ndi JCM Power pamodzi ndi InfraCo Africa, bungwe limene ndalama zake zimachokera kumaboma a Britain, Netherlands ndi Switzerland. Kafukufuku woona ngati ntchitoyi ingatheke analipiridwa ndi bungwe la boma la United States lotchedwa USTDA, ndipo pa batire lenilenilo panabwera thandizo la Innovate UK, bungwe la boma la Britain lolimbikitsa luso latsopano. Chifukwa chake n'chomveka. Palibe amene anali atayesapo batire lalikulu pamawaya ang'ono ndi ofooka ngati athu, ndiye obwereketsa ndalama ankaopa. Ndalama za boma zinasenza mbali ya chiopsezocho kuti ena aphunzirepo.

Mu 2023, pa msonkhano wa zakusintha kwa nyengo wa COP28 ku Dubai, Malawi anali m'gulu la mayiko oyamba kulowa mgwirizano wolimbikitsa mabatire akuluakulu, motsogozedwa ndi bungwe la Global Energy Alliance for People and Planet. Mu Novembala 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa ntchito yomanga batire la mamegawati 20 pa siteshoni ya ESCOM ya Kanengo mu Lilongwe, ndi thandizo la madola 20 miliyoni lochokera kubungwe lomweli. Kusiyana kwake ndi la ku Golomoti n'kwakuti ili ndi la ESCOM yeniyeni, loti lizitumikira mawaya onse osati munda umodzi wa masola.

Kumadera kumene mawaya a ESCOM sanafike, mabatire akugwira ntchito ina. Pazilumba za Likoma ndi Chizumulu, zimene kale zinkadalira majenereta a dizilo oyaka maola owerengeka, EGENCO inaikapo masola ndi mabatire. Ku Sitolo m'boma la Mchinji kuli kamunda ka masola kopereka magetsi kumidzi yozungulira. Ku Mthembanji m'boma la Dedza, yunivesite ya Strathclyde ya ku Scotland, pamodzi ndi bungwe la United Purpose, inaika mu 2020 masola a makilowati 12 ndi mabatire a lithium-ion opereka magetsi kwa makasitomala pafupifupi 60, ndi ndalama za boma la Scotland. Ntchito imeneyi inali kafukufuku weniweni: mamita ake amatumiza manambala kwa akatswiri oonetsa nthawi imene anthu amayatsa, kuchuluka kwa zimene amalipira, ndi mmene batire likupiririra. Manambala otere sapezeka m'buku lililonse lolembedwa kunja.

Kuno kwathu maphunziro a zamphamvu akuchitika pa yunivesite ya Mzuzu, imene ili ndi nthambi ya zamphamvu zongowonjezereka, ndi pa MUBAS mu Blantyre, imene kale inkatchedwa Polytechnic. Bungwe la boma loyang'anira ndi kuthandiza kafukufuku ndi National Commission for Science and Technology. Komabe mukayang'ana mndandanda wa ntchito zimene tatchulazi, muona kuti ndalama zambiri zinachokera kunja.

Mafunso a ku Malindi

Wina angafunse kuti: ngati mabatire apangidwa kale ku China, ife tifufuzenso chiyani? Yankho lili m'nyengo ndi m'moyo wa malo ngati Malindi.

Funso loyamba ndi la kutentha. Mabatire amakonda kutentha kwa pafupifupi madigiri 25. Ku Mangochi m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 35. Amisiri amadziwa kuti batire la mtovu ndi asidi moyo wake umafupika ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi khumi pamwamba pa 25. La lithium nalo limakalamba msanga likamatenthedwa. Kontena ya mabatire imafuna makina oziziritsa, ndipo makinawo amadya magetsi omwewo amene akusungidwa. Amadya angati m'mphepete mwa nyanja poyerekeza ndi ku Dedza kozizira? Nanga fumbi ndi chinyezi cha panyanja zimachita chiyani? Izi zimadziwika poyeza pamalopo.

Funso lachiwiri ndi la kumalekezero kwa mawaya. Madera a kum'mawa kwa nyanja ali kutali ndi malo opukusira magetsi, ndipo waya ukatalika mphamvu imafika yofooka. Mtengo umodzi ukagwera pawaya, onse a kutsogolo amakhala mumdima. Batire la ku Kanengo lingakhazikitse magetsi a dziko, koma silingayatse babu kutsidya la waya woduka. Chipatala cha kumudzi chimafuna firiji ya katemera ndi magazi, makina a mpweya wothandiza kupuma, ndi nyale za m'chipinda cha opaleshoni ndi chochirira amayi. Makina opereka mpweya akazima kwa mphindi zochepa, khanda lobadwa masiku osakwana lingatayike. Kodi chabwino n'chiti: batire limodzi lalikulu mumzinda, kapena ang'onoang'ono ambiri pazipatala, pasukulu ndi pamisika ya kumalekezero? Kuti boma lisankhe bwino liyenera kukhala ndi manambala a madera amenewa.

Funso lachitatu ndi la asodzi. Asodzi a usipa amakopa nsomba usiku ndi kuwala, ndipo ambiri anasiya nyale za parafini n'kuyamba mababu oyatsidwa ndi batire. Nsomba zikafika kugombe zimafuna ayezi kapena firiji kuti zisavunde zisanafike ku Limbe kapena ku Lilongwe. Malo otchajira mabatire ndi opangira ayezi oyendera dzuwa angachepetse nsomba zotayika, koma kukula kwake kuyenera kutsata nyengo ya usodzi, mwezi ukawala kapena kukachita mdima, ndi masiku a mwera pamene mabwato sapita panyanja. Mlendo sangazidziwe zimenezi popanda kufunsa eni gombe.

Funso lachinayi ndi la mabatire akufa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja opitirira theka m'dziko muno amaunikira ndi mabatire, pamene ounikira ndi magetsi a m'mawaya anali pafupifupi 11 pa 100 alionse. Kunena kwina, Amalawi tinayamba kale kudalira mabatire, ndipo akatha timawataya kudzala kapena kuwaphwanya. Mtovu ndi poizoni woononga ubongo wa ana, ndipo asidi wotayidwa pafupi ndi gombe amathera m'madzi omwe timamwa. Batire la lithium lobooka kapena lotenthedwa limatha kuyaka moto wovuta kuzima. Mabatire akamachuluka, dziko lifunika njira yowasonkhanitsira ndi kuwakonzanso, ndipo njirayo iyenera kuyesedwa kuno.

Zomwe batire silingachite

Batire silipukusa magetsi. Limangosunga amene apukusidwa kwina, ndipo limabweza ochepa kuposa amene linalandira. Nkhokwe yopanda chimanga siithetsa njala. Chilala chonga cha 2016 chikabweranso, kapena damu likagumukanso ngati mu 2022, batire la maola awiri silingatseke mpata wa miyezi. Pamafunika malo ena opukusira magetsi ndi njira zina zowabweretsera. N'chifukwa chake panayambika ntchito yomanga waya waukulu wolumikiza Matambo m'chigawo cha Tete ku Mozambique ndi Phombeya m'boma la Balaka, kuti Malawi azitha kugula magetsi kwa anansi ake. N'chifukwa chakenso pali ndondomeko ya damu la Mpatamanga pamtsinje wa Shire, la mamegawati opitirira 350, lokonzedwa kuti lizisunga madzi masana n'kuwamasula madzulo. Limeneli lidzakhala nkhokwe ya madzi yogwira ntchito limodzi ndi nkhokwe za mankhwala.

Palinso nkhani ya ndalama. Mabatire amagulidwa ndi madola, ndipo dziko lathu limasowa ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Batire lolandira ngati mphatso lero lidzafuna kusinthidwa m'zaka khumi ndi zisanu zikubwerazi, ndipo wopereka mphatsoyo mwina sadzakhalapo. Chaka cha 2025 chinaonetsa kuti thandizo lakunja limatha kudulidwa mwadzidzidzi, pamene boma la United States linaimitsa ntchito zambiri zothandiza mayiko ena. Ngati mtengo wosinthira batire suikidwa pang'onopang'ono mumtengo wa magetsi umene bungwe la MERA limavomereza, tidzatsala ndi makontena akufa. Ukaikidwamo, amene alipire ndi mwini chigayo ndi mayi wogulitsa mafirizesi. Kusankha pakati pa ziwirizi n'kovuta, ndipo anthu ayenera kuuzidwa poyera.

Ena amanena kuti dziko losowa mankhwala m'zipatala ndi feteleza m'minda lisataye ndalama pa kafukufuku. Mawu amenewa ali ndi nzeru zake, ndipo palibe akunena kuti Malawi apikisane ndi China popanga mabatire. Koma kafukufuku amene tikufuna ndi wotchipa poyerekeza ndi mtengo wa kugula molakwika: kuyeza kutentha, kuwerenga mayunitsi, kuyerekeza mitundu ya mabatire pamalo amodzi kwa zaka zingapo, ndi kuphunzitsa amisiri otha kukonza inveta popanda kuitana munthu wa kunja. Mayiko a mu African Union anagwirizana kuti aziika 1 peresenti ya chuma chawo cha pachaka pa kafukufuku. Gawo laling'ono chabe la lonjezo limeneli lingayankhe ambiri mwa mafunso a ku Malindi.

Tisaiwalenso kuti zina mwa zopangira mabatire zili pansi pa nthaka yathu. Ku Kasiya ndi ku Malingunde m'boma la Lilongwe kuli graphite. Ku Balama ku Mozambique kuli umodzi mwa migodi ikuluikulu ya graphite padziko lapansi. Zimbabwe ili ndi lithium ku Bikita ndi kwina, ndipo mu Disembala 2022 inaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonzedwa. Dziko lopanda akatswiri ake limagulitsa mwala motchipa n'kudzaugulanso modula uli m'kontena.

Mbali ya ophunzira

Ntchito imeneyi si ya mainjiniya okha. Wophunzira unamwino kapena za mulabotale, pamene ali kuchipatala kukaphunzira ntchito, angathe kulemba tsiku ndi tsiku maola amene magetsi azima ndi kutentha kwa firiji ya katemera. Kope limodzi lotere, losungidwa bwino kwa chaka, ndi umboni umene okonza ndondomeko amausowa. Wophunzira za bizinesi angawerengere ngati malo opangira ayezi pagombe angabweze ndalama zake, ndi kuti mtengo wa chidebe ungakhale wotani kuti msodzi aukwanitse. Wophunzira za ulimi angayeze ngati kuthirira ndi pampu ya sola kumafuna batire, kapena ngati thanki yoikidwa pamwamba ikukwanira, pakuti madzi okwezedwa masana nawonso ndi mphamvu yosungidwa. Wophunzira uphunzitsi angaphunzitse ana kuti batire lakufa si choseweretsa.

Posankha mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, ambiri timathamangira mitu imene ena analemba kale chifukwa mabuku ake ndi osasowa. Mafunso a kutentha, a kumalekezero kwa mawaya, a asodzi ndi a mabatire akufa alibe mabuku ambiri, chifukwa mayankho ake akadali kugombe, m'zipinda za mafiriji ndi m'makope a eni zigayo. Amene adzapite kukawatola ndi amene adzathandize boma kudziwa kuti nkhokwe yotsatira imangidwe pati, ikhale yaikulu bwanji, ndipo adzailipire ndani.